Mafunso a Owerenga: Kodi Bwalo la Kamuzu Ligwetsedwe?

Funso

Akonzi, ine ndine bambo wa ku Ndirande, ndipo ndakhala ndikuchemerera Maule kuyambira pamene timuyi inkatchedwa Bata Bullets. Malemu bambo anga adali mmisiri womanga nyumba, ndipo mpaka imfa yawo sadatchulepo bwalo la ku Chichiri ndi dzina lina koma lakuti “ku Rangeley”. Pa 14 June 2008 ndidali kusitandi ya Biafra pamene Chiukepo Msowoya adagoletsa chigoli chothera chimene chidagwetsa Egypt, ndipo ndikukumbukira bwino kuti masitepe a konkire ankanjenjemera pansi pa mapazi athu pamene tinkadumpha. Lero bwalo lomwelo akuti ndi lokalamba, mbali zina adatseka, ndipo timu ya dziko idasiya kusewerapo masewero akuluakulu. Chimene chimandizunguza mutu ndi chakuti Lamulungu lililonse ndimadutsa pa tchalitchi cha St Michael and All Angels ku HHI, chimene n’chakale kwambiri kuposa bwaloli, koma chili chiimire. Kodi amisiri a masiku ano tidataya luso? Kodi Rangeley adali yani? Nanga anzanga amene akunena kuti bwaloli lingogwetsedwa basi, akulondola?

Wochemerera Maule, Ndirande

Yankho

Bambo, tikuthokozeni chifukwa cha kalata yanu, ndipo tiyambe ndi dzina limene bambo anu sadafune kulisiya. William Rangeley adali mkulu wa boma la atsamunda amene adafika pokhala woyang’anira chigawo cha kummwera, ndipo pambali pa ntchito yakeyo ankayenda m’midzi kufunsa akuluakulu za mbiri ya mitundu ya anthu a dziko lino n’kumalemba. Bwalo la ku Chichiri lidayamba ndi dzina lake. Pambuyo pa ufulu wodzilamulira lidatchedwa Kamuzu, ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994 lidasanduka Chichiri, ndipo mu 2004, Bingu wa Mutharika atalowa m’boma, dzina la Kamuzu lidabwereranso. Munthu amene angafune kuphunzira ndale za dziko lino akhoza kungotsata maina a bwalo limodzili. Pabwalo lomweli ndi pamene mbendera ya Britain idatsitsidwa usiku wolowera pa 6 July 1964, Prince Philip akuonerera m’malo mwa mfumukazi, ndipo m’zaka zotsatira ndi pomwe amayi a mbumba ankavina, ana asukulu ankaguba pa sabata ya achinyamata, ndiponso atsogoleri angapo a dziko adalumbiritsidwa. Choncho mukamakhala ku Biafra mumakhala pamalo amene adaona zambiri kuposa mpira.

Tsopano za tchalitchi. St Michael and All Angels idamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogoleredwa ndi m’busa David Clement Scott, amene sadaphunzirepo za mapulani a nyumba, pamodzi ndi anthu akuno amene nawonso adali asanamangepo nyumba yotere. Njerwa adaumba ndi kuotcha pomwepo ndi dothi la pamalopo, m’zikombole zamitundumitundu, ndipo mukadzadutsanso Lamulungu likubwerali muime pang’ono muyang’anitsitse pamwamba pa zitseko ndi mazenera, mudzaona kuti njerwa zina n’zokhota, zina n’zosongoka, zina zili ndi maluwa, ndipo iliyonse idaumbidwira malo ake. Manja amene adachita zimenezi adali a agogo athu. Tikunena izi motsindika chifukwa anthu ambiri amati nyumba zakalezi n’zolimba popeza adamanga ndi azungu, pamene azungu adali ochepa chabe, ndipo amene ankaponda dothi, kusema mitengo ndi kuyala njerwa adali anthu akuno.

Komabe kuyerekeza tchalitchi ndi bwalo la mpira kumafunika kusamala, ndipo tikhulupirira kuti mwana wa mmisiri amvetsa msanga. Khoma la njerwa lochindikala limanyamula katundu wongotsamira pansi, ndipo malinga ngati denga silikudontha ndiponso maziko sakulowa madzi, likhoza kukhala zaka mazana. Sitandi ya konkire ndi nkhani ina. M’kati mwake muli zitsulo, ndipo ilibe denga loiteteza, moti imapsa ndi dzuwa la mu October kenako n’kunyowa ndi mvula kuyambira December mpaka March chaka ndi chaka. Pakangochitika kamng’alu, madzi amalowa n’kufika pachitsulo, chitsulo chimachita dzimbiri, dzimbiri limatupa, ndipo likatupa limaswa konkire kuchokera m’kati, mwakuti pamene diso likuona zibenthu zikugwa, matenda amakhala atayamba kalekale. Onjezeranipo anthu zikwizikwi odumpha nthawi imodzi. Kunjenjemera kumene mudakumva tsiku la Egypt kudali chimwemwe kwa inu, koma kwa injiniya ndi katundu wolemera kwambiri kuposa wa anthu omwewo atakhala phee. N’chifukwa chake sititsutsa akatswiri amene adalangiza kuti masitandi ena atsekedwe, ngakhale tikudziwa kuti zimapweteka mtima kuona malo amene munkakhala ndi anzanu ali gwaa.

Luso silidatayike ayi. Chimene chidasowa ndi mwini. Tchalitchi chili ndi mpingo umene umasonkhana m’menemo sabata iliyonse, ndipo lata likasomphoka kapena madzi akayamba kulowa pazenera, pamapezeka mkulu wa mpingo amene sagona tulo mpaka atakonza. Chimodzimodzinso nyumba ya Mandala, yomangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene dzina lake lidachokera ku magalasi a m’maso a John Moir. Nyumbayi ili ndi khonde lalikulu lozungulira limene limatchinga makoma ku mvula, koma chachikulu n’chakuti simakhala yopanda anthu: m’chipinda chapamwamba muli laibulale ya Society of Malawi, ndipo ngati mufuna kudziwa zambiri za Rangeley, kumeneko n’koyenera kuyambira. Bwalo la boma limakhala la aliyense Loweruka masana, koma Lolemba m’mawa silikhala la munthu. Ndalama zapakhomo zimagawidwa, matimu amatenga zawo, ena onse amatenga zawo, ndipo kukonza kumadikira mpaka alendo oyendera mabwalo atabwera n’kunena kuti pano sipaseweredwanso.

Za kugwetsa, maganizo athu ndi awa. Sitandi iliyonse imene mainjiniya apeza kuti singachirenso igwetsedwe popanda kuzengereza, pakuti palibe mbiri imene ingalipire moyo wa munthu mmodzi. Koma bwalolo lisachoke pamalo pake, ndipo malowo asagulitsidwe kuti pamangidwe masitolo. Amene adasankha Chichiri adasankha bwino, chifukwa ali pakati pa Blantyre ndi Limbe, matauni amene adaphatikizidwa mu 1956, ndipo munthu wa ku Ndirande, Chitawira, Zingwangwa kapena Naperi amafikapo wapansi popanda kulipira minibasi. Pafupi pomwepo pali chipilala cha ufulu pamsewu wa Masauko Chipembere, nyumba yosungiramo zinthu zakale, ofesi za khonsolo ya mzinda ndi bwalo lalikulu la milandu. Kuchotsa bwalo la mpira pakati pa zimenezi kungakhale ngati kugwetsa mtengo wa pabwalo la mfumu n’kuuza anthu kuti azikakambira milandu kudambo. Pomanganso, pasiyidwe chipata chimodzi chakale kapena chigawo cha khoma, ndipo pakhale chipinda chosungiramo zithunzi, mayunifomu ndi nsapato za anyamata amene adatenga chikho cha kummawa ndi pakati pa Africa mu 1978, 1979 ndi 1988, anthu ngati Kinnah Phiri, Jack Chamangwana, Lawrence Waya ndi Young Chimodzi. Zinthu zimenezi zili m’masutikesi m’makomo mwa anthu, ndipo njenjete sizidikira bajeti.

Dziko lino lili ndi lamulo loteteza nyumba ndi malo a mbiri yakale, komanso nthambi ya boma yoona za zimenezi. Masapota amadziwa kulankhula ndi mawu amodzi akafuna kuti kochi achoke, ndipo mawu omwewo atawagwiritsa ntchito polembera nthambiyo ndi makhansala awo kupempha kuti bwaloli lizionedwa ngati malo a mbiri ya dziko, sitikukayika kuti angamveke. Tikukumbutseninso kuti mu 2019 boma lidalonjeza kumangira Bullets ndi Wanderers mabwalo awoawo mu Blantyre, ntchito idayamba, kenako idaima kwa nthawi yaitali. Mabwalowo ngakhale atatha, sangalowe m’malo mwa bwalo limene Maule ndi Manoma amakumaniranapo ngati eni ake onse awiri.

Pali mfundo ina imene kalata yanu sidatchule koma ikukhudza inu a ku Ndirande mwachindunji. Njerwa yootcha imene timaisirira pa tchalitchi chija ndi yomweyo imene yathandiza kumeta mapiri athu, pakuti uvuni uliwonse umadya mitengo ikuluikulu, ndipo mzinda wonse utayamba kumanga motero, phiri la Ndirande ndi la Soche adatsala mbee. Zotsatira zake tidaziona mu March 2023 pamene namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala kuchokera m’phiri la Soche n’kukwirira mabanja ku Chilobwe. Kuyambira mu 2018 malamulo amafuna kuti ntchito zikuluzikulu zomanga zisamagwiritse njerwa zootcha ndi nkhuni, koma mabuloko a simenti kapena njerwa zadothi zopanikizidwa ndi makina. Tikamati titengere kwa amisiri a 1891, tikutanthauza kuleza mtima kwawo ndi kusamala kwawo pa njerwa iliyonse, osati uvuni wawo.

Funso

Akonzi, ndine mayi wa ku Area 25 ku Lilongwe ndipo ndimachemerera Silver Strikers. Anzathu a ku Blantyre amadandaula kuti tidawalanda Flames, koma ine ndimaona kuti bwalo la Bingu ndi nyumba yokongola kwambiri imene dziko lino lamanga m’zaka zaposachedwa. Vuto langa ndi limodzi: ndikakhala m’menemo osewera amaoneka kutali, ndipo phokoso silimveka ngati la ku Silver Stadium. Kodi adalakwitsa pomanga? Komanso ndimaopa kutenga ana anga chifukwa cha zimene zidachitika paja.

Mayi wokonda mpira, Lilongwe

Yankho

Mayi, maso anu sakukunamizani. Bwalo la Bingu, limene lidatsegulidwa mu January 2017 ku Area 48, lidamangidwa ndi kampani ya ku China pa ngongole yochokera kudziko lomwelo, ndipo limalowa anthu oposa 40,000. Adalikonza kuti lizichititsa mpira ndi mipikisano yothamanga yomwe, motero pakati pa inu ndi kapinga pali mizere ya othamanga, ndipo kuseri kwa magolo mtundawo umakula kwambiri chifukwa mizereyo imakhota. Sikulakwitsa kwa amisiri koma chisankho cha dziko limene silikadatha kumanga mabwalo awiri akuluakulu. Mtengo wa chisankhocho ndi umene mukuumva: anthu 10,000 amene angagwedeze Silver Stadium amaoneka ngati nyemba zochepa mumphika waukulu akalowa ku Bingu.

Nkhani yolanda Flames siyoona kwenikweni. Bungwe la CAF, loyendetsa mpira mu Africa, lili ndi zimene limafuna pabwalo lochitira masewero a pakati pa maiko, monga mpando wa munthu aliyense payekha, magetsi owala mokwanira, zipinda zabwino zovalira, malo a achipatala ndi atolankhani, ndiponso kapinga wosamalidwa. Bwalo la Kamuzu lidalephera zimenezi. Koma a ku Lilongwe musaiwale kuti mu 2021 bwalo la Bingu nalonso lidakanidwa, lisanathe n’komwe zaka zisanu, ndipo Flames idakasewerera masewero ake apakhomo a mpikisano wopita ku World Cup ku Orlando Stadium mu Johannesburg. Matenda amene tawafotokozera bambo a ku Ndirande sasankha kuti nyumba ndi yakale kapena yatsopano.

Mantha anu tikuwalemekeza. Pa 6 July 2017 anthu asanu ndi atatu, asanu ndi awiri mwa iwo ana, adafa popondana pazipata za bwaloli pamene khamu linkafuna kulowa kukaonera chikondwerero cha ufulu ndi masewero a Bullets ndi Silver Strikers. Tsikulo kulowa kudali kwaulere, anthu adalawirira, ndipo zipata zidachedwa kutsegulidwa. Nyumbayo payokha idamangidwa ndi zipata zambiri ndi makwerero otakasuka, koma chipata chimathandiza pokhapokha chikatsegulidwa pa nthawi yake ndipo pali anthu ophunzitsidwa kuongolera khamu. Tikadakonda kuti pabwalopo pakhale mwala wolembedwa maina a ana aja, kuti aliyense wonyamula makiyi a zipata aziudutsa m’mawa uliwonse.

Anawo atengeni, koma yambani ndi masewero a ligi amene sadzaza bwalo, osati tsiku lolowa ulere kapena la ndime yomaliza ya chikho. Gulani matikiti pasadakhale, fikani kudakali maola awiri, khalani pafupi ndi potulukira, ndipo mulembe nambala yanu ya foni pakapepala n’kuika m’thumba la mwana aliyense. Oyimbira akaimba wezulo yomaliza, khalani kaye pampando mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu mpaka makwerero atapepuka, kenako mutsike mutawagwira dzanja.