Chipewa chimodzi pa njinga yonyamula anthu awiri

Bambo wina wa ku Area 25 mu Lilongwe wandilembera kuti wagula njinga yamoto yogwirapo kale ntchito, imene inabwera ndi chipewa chimodzi chokha, ndipo m'mawa uliwonse amayamba watula mayi akunyumba ku Kanengo asanapitirire kuntchito m'tauni. Akufunsa ngati mayiwo angamakwere opanda chipewa kwa miyezi iwiri, poti mtunda ndi waufupi ndipo m'thumba mwauma, kapena ngati kuli bwino kugula chakale pa kaunjika.

Achimwene, kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, ndipo ndinayamba ndaiika pambali masiku angapo, chifukwa mawu akuti mtunda ndi waufupi ndinawalankhulapo ndi pakamwa pangapa. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya m'midzi m'boma la Dowa, ndikuyendera Yamaha DT 125, ndipo ndinkadziona kuti njinga ndinaidziwa chifukwa ndinali nditadutsa nayo m'matope, m'madambo ndi m'timilatho tamitengo osagwapo. Loweruka lina ndinakumana ndi mlongo wanga pamsika wa Mponela atasenza dengu la tomato, ndipo ndinamuuza kuti akwere ndikamutule kumudzi. Ine ndinavala chipewa, iye anali ndi duku lokha kumutu. Titasiya phula n'kulowa msewu wafumbi, mbuzi inatulukira m'tchire, ine ndinafinya buleki yakutsogolo mwadzidzidzi tayala lili pamchenga, ndipo njinga inatitaya pansi. Liwiro lathu silinali lalikulu ngakhale pang'ono, moti munthu wopalasa njinga yakapalasa akanatha kutitsatira.

Ndinadzuka nditasupuka chigongono basi, chipewa changa chitakalika mbali yakumanzere. Mlongo wanga nayenso anadzuka, anasansa chitenje, n'kuyamba kutola tomato amene anamwazikira mumsewu, uku akunena kuti sanapweteke. Duku lake linalibe ngakhale dontho la magazi, ndipo ine mtima unakhala pansi. Koma madzulo anayamba kusanza, akuyankha mafunso mochedwa, tulo tikumugwira ali chikhalire pamkeka, ndipo tinathamangira naye kuchipatala usiku womwewo. Adokotala anatifotokozera kuti mutu ukamenya chinthu cholimba, ubongo umadziguguda kuchigaza, ndipo magazi angathe kumatuluka pang'onopang'ono mkati kunja kusakuoneka bala. Anachira patapita milungu, koma mpaka lero khutu lake lakumanzere silimva bwino, ndipo dzuwa likaswa mtengo mutu umamuwawa kotero kuti kumunda amaweruka msanga. Iye sanandinenepo mawu oipa, koma ine ndikamuona akutembenuza mutu kuti amve ndi khutu linalo, ndimakumbukira kuti chipewa chinalipo tsiku limenelo ndipo chinali pamutu panga.

N'chifukwa chake ndikaona mwamuna atavala chipewa chabwino, kumbuyo atanyamula mkazi wake mutu uli pamtunda, sinditha kunena kuti vuto ndi umphawi wokha. Woyendetsa wagwira zogwirira, akuona zimene zili kutsogolo, ndipo thupi lake limakonzekera kugwa; wokwera kumbuyo ngozi imamupeza asakudziwa kanthu, makamaka amayi amene amakhala chammbali chifukwa cha chitenje, miyendo yonse ili mbali imodzi. Njinga ikagwedezeka amagwa chagada, ndipo choyamba kufika pansi ndi nkhongo. Chitenjecho nachonso chikalendewera chimatha kukodwa mu tcheni kapena m'masipokosi, n'kumukokera munthu pansi njinga ikuyenda. Lamulo la pamsewu limafuna kuti woyendetsa ndi wokwera onse avale chipewa, koma ambiri a ife tinazolowera kuchikoleka pamkono n'kuchivala tikaona apolisi apamsewu patsogolo, ngati kuti chinapangidwira iwowo. Madokotala a ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth akhala akudandaula poyera za kuchuluka kwa anthu ovulala pa njinga za kabaza, ndipo kafukufuku amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lakhala likutchula anapeza kuti chipewa chovala bwino chimachepetsa imfa ndi pafupifupi 42 peresenti, ndipo kuvulala m'mutu ndi pafupifupi 69 peresenti.

Za kufupika kwa mtunda ndikukana ndi mtima wonse. Msewu wochokera ku Area 25 kulowera ku Kanengo m'mawa umakhala ndi maminibasi oima paliponse pamene munthu wakweza mkono, mathiraki opita kumafakitale, ndi ana asukulu odutsa mothamanga. Njinga yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi, ndiye kondakitala akatsegula chitseko patsogolo panu mulibe nthawi yoganiza. Mvula yoyamba ya mu Novembala ikagwa, fumbi ndi oyilo zimene zinaunjikana paphula chilimwe chonse zimasanduka thelezi, ndipo ngakhale woyendetsa wosamala amatha kugwa pokhota.

Za chipewa cha pa kaunjika

Chimene chimateteza mutu ndi chinkhupule choyera cholimba chimene chili pansi pa nsalu yamkati, chofanana ndi chimene amakutira wailesi yakanema yatsopano m'katoni. Munthu akagwa, chinkhupulecho chimafinyika n'kumwa mphamvu imene ikanalowa m'mutu, ndipo chikafinyika kamodzi sichibwereranso. Choncho chipewa chimene mwini wake anagwa nacho chingathe kuwala kunja koma ntchito yake inatha kale, ndipo wogulitsa pamsika sangakuuzeni mbiri yake chifukwa nayenso anachipeza m'belo. Opanga zipewa ambiri amalangiza kusintha pakatha zaka zisanu, chifukwa thukuta, kutentha ndi guluu wokalamba zimachifooketsa. Palinso zipewa za pa ntchito yomanga zimene ena amavala panjinga. Zimenezo zinapangidwira njerwa yogwa kuchokera pamwamba, ndipo munthu akagwa panjinga zimavuka mutu usanafike pansi. Chomwechonso chipewa chodula chimene lamba wake sanamangidwe pansi pa chibwano chimauluka chokha, ndipo ndachionapo chikugubuduka mumsewu mwini wake atagona patali.

Yankho langa ndi ili, achimwene. Mayi asakwerenso njingayo mpaka chipewa chachiwiri chitapezeka. Pakadali pano akwere minibasi, ngakhale zitatanthauza kuti inu muchepetse maulendo ena kuti ndalama ya mafuta ikwanire. Pogula, sankhani chatsopano chophimba chibwano, chokhala ndi chizindikiro cha ECE kapena DOT chosonyeza kuti chikukwaniritsa miyezo ya chitetezo, ndipo mupite nawo limodzi akayese, chifukwa chiyenera kugwira masaya osatembenuka akapukusa mutu, lamba atamangidwa moti pakati pa lambayo ndi chibwano pangolowa zala ziwiri. Ngati n'kosatheka ndithu kupewa cha pa kaunjika, vundukulani nsalu yamkati pamsika pomwepo, ndipo mukaona mng'alu kapena malo ofinyika muchisiye. Chimene chinabwera ndi njingayo muchiyang'anenso chimodzimodzi usiku uno, ndipo mayi akayamba kukwera azikhala motangadza, atavala thalauzi pansi pa chitenje.