Foni yakana kulumikizana ndi wailesi ya m'galimoto

Achimwene a ku Matawale, mwati chichitireni update pa foni yanu ya Android, wailesi ya m'galimoto ikukana kulumikizana nayo. Chonde musathamangire kugula wailesi ina, kawirikawiri sikhala itawonongeka.

Fufutani dzina la galimoto pa Bluetooth ya m'foni, kenako mufufutenso dzina la foni m'wailesimo. Apa ndi pamene ambiri amalumpha. Wailesi imasunga chizindikiro chakale cha foni yanu, ndiye update ikasokoneza chizindikirocho ziwirizi sizigwirizananso. Komanso mawailesi ambiri amasunga mafoni ochepa chabe, choncho chotsani ndi a anthu ena omwe. Ngati galimoto ndi yochokera ku Japan ndipo zolemba zili m'Chijapani, lozetsani kamera ya Google Translate pa sikirini kuti muwerenge. Zimitsani foni n'kuyatsanso, ndipo mulumikize galimoto itaima, pakuti mawailesi ena salola kulumikiza galimoto ikuyenda pamsewu.

Zikalumikizana koma nyimbo osamveka, onani ngati Media audio yayatsidwa pansi pa dzina la galimotoyo pa Bluetooth ya m'foni.

Zikakanikabe, pitani pa About phone mu Settings ya foni, dinani Build number maulendo 7, mulowe mu Developer options. Pa Bluetooth AVRCP version sankhani 1.4 kapena 1.3, chifukwa mawailesi akale amavutika ndi zatsopano. Zina m'menemo musakhudze.

Reset ya Wi-Fi ndi Bluetooth muichite pomaliza, imafufuta mapasiwedi onse a Wi-Fi. Pakadali pano chingwe cha AUX cha mumsika wa Zomba chikhoza kukuthandizani, bola foni ndi wailesi zonse zikhale ndi pobayira pake.