Wotchi ya pamkono ndi nyimbo za kwaya: yankho kwa mayi amene anandilembera

Mayi wina woimba kwaya wandilembera imelo. Akuti: "Mwana wanga wa ku Joni ananditumizira wotchi yowerenga kugunda kwa mtima. Tikamaimba nyimbo zodekha nambala imatsika, tikayamba zovina imakwera. Kodi nyimbo zimasinthadi mtima kapena wotchiyi ikundinamiza? Ndili ndi BP, ndikufuna kudziwa ngati kuimba kungandithandize."

Amayi, wotchiyo sikukunamizani, kungoti ikukuuzani zochepa kuposa zimene mukuganiza.

Itembenuzeni muone kunsi kwake. Muona kakuwala kobiriwira kakuphethira. Magazi amameza kuwala kobiriwira, ndiye mtima ukapopa magazi n'kudzaza timitsempha ta pamkono, kuwala kobwerera ku wotchi kumachepa. Wotchi imawerenga kusinthasintha kumeneko. Nyimbo siimva ayi. Imangowerenga magazi.

Zoti nyimbo zimakhudza mtima n'zoona, ndipo anthu anaziyeza kale mawotchi amenewa asanafale. Mu 2006, Luciano Bernardi wa ku yunivesite ya Pavia ku Italy anafalitsa zimene anapeza atapatsa anthu 24 nyimbo zosiyanasiyana kuti azimvetsere. Nyimbo zothamanga zinkafulumizitsa kupuma ndi kugunda kwa mtima, BP n'kukwerako. Chimene chimandigwira mtima pa kafukufukuyu ndi ichi: thupi linkadekha kwambiri pa mphindi 2 za chete zimene ankaziika pakati pa nyimbozo, kuposa pa nyimbo yodekhayo.

Za inu oimba kwaya zinayezedwanso. Mu 2013, Björn Vickhoff ndi anzake ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, anaimbitsa achinyamata pamodzi akuyeza mitima yawo. Anapeza kuti mitimayo inkafulumira ndi kubwerera m'mbuyo nthawi imodzi. Chifukwa chake si chachilendo. Munthu akamakoka mpweya mtima umafulumira pang'ono, akamautulutsa umadekha. Kuimba n'kutulutsa mpweya pang'onopang'ono. Taganizani mzere wautali wa nyimbo ya m'buku, mmene nonse mumaukokera mpaka kumapeto, kenaka wotsogolera akweza dzanja, nonse mpweya fuu nthawi imodzi. Pamenepo nyimbo yakulamulirani kapumidwe, kapumidweko n'kulamulira mtima. Ine ndikuona kuti kutsika kwa nambala yanu kukuchokera pamenepa.

Zida zovala m'thupi zathandiza kuti kafukufuku atuluke m'chipinda choyezera n'kupita kumene nyimbo zimaimbidwadi. Mu 2023, Wolfgang Tschacher wa ku yunivesite ya Bern anafalitsa za anthu 132 amene anavala zida zoyezera akumvetsera oimba pa makonsati atatu ku Berlin. Anthu ongokhala pansi osadziwana, koma kugunda kwa mitima yawo, liwiro la kupuma komanso thukuta la pakhungu zinkayendera limodzi. Thukuta amaliyeza podutsitsa mphamvu yamagetsi yochepetsetsa pakhungu, poti khungu lonyowa limaidutsitsa mosavuta.

Tsono za nyimbo zovina zija. Mukaimirira, kuomba m'manja ndi kuponda sitepe, mtima uyenera kukwera ngakhale nyimbo itazimitsidwa, monga umachitira mukamakwera chitunda ndi ndowa pamutu. Wotchi siingasiyanitse gawo la nyimbo ndi gawo la miyendo. Komanso mkono ukamagwedezeka, kakuwala kaja kamasokonekera. Ofufuza a ku Duke University ku America anapeza mu 2020 kuti mawotchi amalakwitsa kwambiri munthu akamayenda kuposa akakhala phee. N'chifukwa chake ofufuza ambiri amadalira lamba wa pachifuwa, amene amamva magetsi a mtima weniweniwo. Ndipo nambala ikakwera, wotchi siidziwa ngati mwasangalala, mwachita mantha poti mukuimba nokha kutsogolo, kapena nyimboyo yakukumbutsani maliro a mayi anu. Zonsezi zimatha kuoneka chimodzimodzi pagalasi.

Ngati mukufuna kudziyesa nokha, khalani pampando, wotchi muimange mothina pang'ono chakumtunda kwa kafupa ka pamkono. Khalani chete mphindi 5 ndipo lembani nambala. Mvetserani nyimbo imodzi osagwedezeka, lembaninso. Kenaka muiimbe nokha muli chikhalire. Mubwereze masiku angapo nthawi yomweyomweyo, musanamwe tiyi kapena khofi. Tsiku limodzi silikwanira, poti tulo, kutentha ndi nkhawa za tsikulo zimasinthanso mtima.

Pa nkhani ya BP ndikupemphani mumvetsetse, chifukwa apa ndi pamene ndikuda nkhawa. Kugunda kwa mtima ndi BP ndi zinthu ziwiri. Nambala ya pawotchi ikhoza kukhala 68 pamene BP ili pamwamba, inu osamva kanthu. Kudekha kumene nyimbo imabweretsa n'kwa kanthawi, ndipo sikulowa m'malo mwa mankhwala. Pitirizani kuimba, koma mapiritsi musasiye, ndipo BP muziyezetsa ndi makina omanga pamkono aja kuchipatala. Mukapita ulendo wotsatira, tengani kapepala kanu ka manambala mukaonetse adokotala, ndipo muwauze kuti ena munalemba mukuimba.