Makina otchetchera udzu: a 52cc anandichititsa manyazi pa chinkhoswe

Achimwene, mwafunsa za makina otchetchera udzu oti mugule. A batire mukuwafunawo asiyeni kaye. Pulotu ya ku Senga Bay imene mwati udzu wake umafika m'chiuno mvula ikagwa sangaithe. Amenewo ndi okonzera kapinga m'mbali mwa khonde ndi m'mphepete mwa maluwa, akakumana ndi nsenjere batire imatha musanafike pakati. A chingwe cha magetsi ndiye musawaganizire n'komwe, magetsi akathima mwagwira ndodo chabe. Kwatsala a petulo, ndipo ndi amenewo amene anandiliza ine.

Anga ndinakagula ku Lilongwe, pa sitolo ina imene sindiitchula muno. Pabokosi analemba 52cc, ndiko kukula kwa injini, pathanki panali sitika ya dzina lotchuka, mtengo wotsika kwambiri. Wogulitsayo pakamwa pake pozuna: "Madala, awa ndi chitsulo, oyilo aliyense wa galimoto amalowa, mungothiramo pang'ono m'petulo." Anandigulitsanso oyiloyo m'kabotolo kopanda pepala, kabuku ka malangizo akuti kanatsala ku kontena.

Loweruka kunali chinkhoswe cha mwana wa alongo anga, pakhomo panga pompano. A tenti anati abwera Lachisanu masana. Lachisanu m'mawa ndalawirira, lamba paphewa, dzuwa la ku Salima mukulidziwa, pofika 9 koloko malaya anali atamatirira kumsana. Nditangodutsa pansi pa mango makina anayamba kufuka utsi wakuda, kulira kunasintha, kukhala ngati munthu wa chifuwa chachikulu akukwera phiri. Kenako zii. Ndikoke chingwe cholizira, osatheka, chauma gwa. Ndinakoka mpaka chogwirira chinandisupula pakati pa zala. Injini yotentha yosakhudzika, kafungo ka pulasitiki wopserera. Kutembenuka, theka la bwalo udzu uli chiimire, lole ya tenti ikuimba hutala pageti, alamu anga aima pakhonde manja m'chiuno akuti, "Aphiri, alendo tiwakhazika m'tchire momwemu?" Azimayi amene ankasenda anyezi kuseri anangoti phwa kuseka. Anyamata a tenti anakana kutsitsa zitsulo, akuti m'udzu wotere mumakhala njoka, ndipo sananame.

Anatipulumutsa ndi anyamata aganyu a zikwakwa, ndipo poona kuti ndapanikizika anatchula mtengo umene anafuna. Ndinalipira.

Makanika wa njinga za kabaza pa Kamuzu Road atatsegula anandiitana kuti ndidzionere ndekha. Pisitoni inali yokalikakalika mizere, ring itamatirira m'mwaye, pulagi yakuda bii. Anati oyilo wa galimoto sanapangidwe kuti azipsa limodzi ndi petulo, amasiya mwaye mpaka injini kugwira. Ndinabwerera ku sitolo kuja ndi makina m'thumba la feteleza, thiransipoti yanga. Munthu yemwe uja, maso ali gwa, akuti "madala mwaononga nokha, palisiti sitinalembe galanti." Za oyilo uja akuti sakukumbuka! Kunena zoona anthu ena akudya ndalama zotembereredwa. Ukamagula ndiwe bwana, ukabwerera ndi vuto akuyang'ana foni.

Ndiye inu mukapita kogula, funsani oyilo wa 2T, amene anapangidwira kusakaniza ndi petulo, ndipo muyezo muuwerenge nokha m'kabuku, kabuku palibe musagule. Stihl ndi Husqvarna amanena 50:1, ndiye kuti mamililita 100 a oyilo pa malita 5 a petulo. Otchipa ambiri a ku China amanena 25:1, mamililita 200 pa malita 5 omwewo. Ngati zosakanizazi zikukuvutani, kapena makina muzisiyira mnyamata wa pakhomo, funani a injini ya Honda GX35, oyilo ali ndi malo akeake, m'thanki mumangothira petulo yekha. Ndi odula, komanso a sitika zabodza aliko, yang'anitsitsani.

Chinthu china chimene ambiri sachidziwa: petulo wa kuno amasakaniza ndi ethanol, wina amapangidwa pa Dwangwa pompa kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ameneyu akagonera m'makina miyezi ya chilimwe amakoka chinyezi ndi kuumitsa timapaipi ndi timphira ta m'kabuleta. Udzu ukasiya kumera, khuthulani thanki, lizani makina mpaka azime okha. Kasiponji kosefa mpweya muzikachapa pafupipafupi, mchenga wa kunyanja kuno sukhululuka.

Mutu wotchetchera wa makinawo ukhale wolandira zonse ziwiri, chingwe cha nayiloni cha 2.4 mm cha udzu wofewa ndi mpeni wa mano atatu wa nsenjere. Chingwecho muzichiviika m'madzi tsiku limodzi musanachigwiritse ntchito, chikauma ndi kutentha chimangoduka. Majombo ndi magalasi musachite nazo ulesi, timiyala timauluka, ana ndi galimoto zikhale kutali. Kuyambira mwezi wa May yendani kaye kumpanda muone ngati kulibe chitedze, mukachimenya ndi makina mukanda mudzi wonse.

Ine ndimauza aliyense kuti zotchipa zisiyeni, gulani kwa ogulitsa ovomerezeka amene amalemba galanti palisiti. Komatu amene ndikugwiritsa ntchito panopa ndi a ku China omwewo, a 43cc, chifukwa kabuleta, pulagi ndi chingwe cholizira zimapezeka mosavuta ndipo makanika wa kabaza aliyense amawatsegula, pamene odulawo kachitsulo kakang'ono kakafa ndi ulendo wa ku Lilongwe. Akuyenda bwinobwino ndi 2T. Chikwakwa chokha musataye, petulo akasowa pa filing'i mudzachifuna. Mukapeza amene mwawakonda tumizani chithunzi cha bokosi muno musanalipire, tiwaone.