Funsani Adokotala: BP ya bambo anga ndi opaleshoni ya mtima

FUNSO: Adokotala, bambo anga ali ndi zaka 64, mitsempha itatu ya pamtima inatsekeka nde akuti awapange opaleshoni ya bypass, yolambalalitsa magazi potsekekapo, mwezi wamawa. BP yawo ndi yokwera kuyambira kale, amamwa enalapril ndi atenolol, koma adokotala awo anena kuti enalapril asiye kukatsala tsiku limodzi, atenolol apitirize. Ine zandibalalitsa, munthu wa BP mpaka kumusiyitsa mankhwala nthawi ngati ino? Komanso azakhali akuti akachira BP itheratu basi, zoona zimenezi? Ndine mwana wawo wodandaula.

YANKHO: Mtima m'malo, adokotala a bambo anuwo sanasokoneze ayi. Enalapril ndi anzake monga lisinopril kapena losartan amamasula mitsempha, nde akakumana ndi mankhwala ogonetsa aja kuphatikizapo makina amene amapopa magazi m'malo mwa mtima opaleshoni ili mkati, BP itha kugwa pansi kwambiri mpaka kuvuta kuikwezanso, impso nazo zimavutika. N'chifukwa chake madokotala ambiri amaimitsa kukatsala maola 24 kapena 48. Atenolol ndi nkhani ina. Ameneyu mukangomusiya mwadzidzidzi mtima umathamanga, BP kukwera, chifuwa kuwawa, komanso amathandiza kuti mtima usamagunde mosokonekera pambuyo pa opaleshoni, vuto limene limakonda kubwera tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Ndiye amwe ndithu monga awauzira, olo m'mawa wa tsikulo ngati atero, ndi madzi pang'ono chabe.

BP ikapezeka pa 180/110 kupita m'mwamba opaleshoni yosakhala yachangu nthawi zambiri amaidikiritsa kaye. Koma kukwera pang'ono chifukwa cha mantha a tsikulo sikuletsa kanthu, amakudziwa kumeneko.

Chimene mabanja ambiri sauzidwa n'choti maola oyamba munthu atatuluka mu opaleshoni, BP imakonda kukwera ngakhale kwa amene sanadwalepo BP. Zifukwa zake n'zoonekeratu mukamuona wodwalayo ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya: ululu wa pachifuwa poti fupa lapakati lija amalidula kenako n'kulimanga ndi waya, chubu chopumira chili kukhosi, thupi likunjenjemera chifukwa analiziziritsa, madzi a diripu ochuluka, munthu akudzuka osadziwa ali kuti. Apa mpamene manesi amakhala maso usiku wonse, chifukwa mtsempha umene achotsa kumwendo, kumkono kapena mkati mwa chifuwa wangosokedwa kumene pamtima ndi ulusi wowonda ngati tsitsi. Zili ngati paipi yolumikiza lero lomwe, mukatsegula madzi mwamphamvu imadontha pa joini. BP yokwera itha kuyambitsa kutaya magazi, sitiroko, kapena kutopetsa mtima umene ukufunika kupuma. Nde mukadzaona kachubu kakang'ono pamkono pafupi ndi chikhatho ndi manambala ofiira akusinthasintha pa sikirini musadzachite mantha, kakuyeza BP pa kugunda kulikonse, ndipo mankhwala monga nitroglycerin kapena labetalol amalowera m'diripu, kuwonjezera kapena kuchepetsa pompopompo. Pena kungomupatsa munthu mankhwala a ululu ndi kumufunditsa BP imatsika yokha.

Tsono za azakhali anuwo, pepani sizili choncho. Bypass imangopatsa magazi njira ina yolambalala potsekekapo, BP siikhudza n'komwe. Chimene chimapusitsa anthu n'choti masabata oyamba kunyumba BP imatha kukhala yotsika, munthu wataya magazi, sakudya bwino, waonda, mwinanso adokotala achepetsa mapiritsi, achibale n'kumati eee bambo achira. Mphamvu zikabwerera nayo imabwerera, ndipo ikasiyidwa imawononga mitsempha yatsopano yomwe ija, makamaka ya kumwendo imene siinazolowere mphamvu ya magazi yotere. Ine apa ndimalimbikira kwambiri, opaleshoni yaikulu chonchi kuiwononga chifukwa chotopa ndi mapiritsi n'zomvetsa chisoni.

Kamakina koyezera BP kunyumba kapezeke ndithu, aziyeza m'mawa ndi madzulo atakhala pansi mphindi 5, muzilemba m'kabuku kopita nako ku cheki. Ambiri amauzidwa kuti ikhale pansi pa 130/80 koma nambala yawoyawo afunse adokotala awo. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, fodya ayi. Ululu ukavuta asagule ibuprofen kapena diclofenac, amenewa amakweza BP ndipo saloledwa kwa munthu wongochitidwa bypass, afunse kaye. Aspirin amene adokotala awapatse yekha apitirize.

Akamva chizungulire poimirira muwauze adokotala, mwina mankhwala achuluka. Koma pakamwa pakapotoka, mkono kufooka, mawu kusamveka, chifuwa kuthina kapena kubanika, musayambe kufunafuna kamakina kaja, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.