Kodi TV ingakuphunzitseni kuphika? Yankho kwa achemwali a ku Luchenza

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Luchenza amene angolowa kumene m'banja. Dzina lawo ndilisunga. Akuti amakonda kwambiri mapulogalamu ophika, a pa GOtv komanso timavidiyo ta pa Facebook ndi TikTok, moti keke, pasta ndi nkhuku yootcha amazitha bwinobwino. Koma apongozi awo aakazi atabwera kudzacheza kuchokera ku Chonde, anadya nsima mtanda umodzi n'kusamba m'manja, kenako n'kuuza mwana wawo kumbali kuti mkazi wakeyo amaphika za pa TV. Achemwaliwa zawapweteka. Akufunsa ngati mapulogalamuwa amaphunzitsadi kuphika kapena akungotayirapo ndalama za bandulo, komanso ngati n'koyenera kuti asiye kuonera.

Achemwali, musasiye. Inenso ndimaonera madzulo magetsi akakhalapo, ndipo ndatolamo nzeru. Chofunika n'chakuti mudziwe chimene mukuonera. Pulogalamu yophika ya MasterChef inayambira ku Britain mu 1990, ya ku South Africa inabwera mu 2012, ndipo konseko ndi mpikisano. Aikamo wotchi, nyimbo zothamangitsa mtima ndi misozi ya wogonja kuti inu musasinthe tchanelo. Timavidiyo ta pa foni ndiye tinachita kunyanya. Anyezi wangogwera m'mafuta, mukaphethira wafiira kale, chifukwa mphindi khumi zodikira zija anazidula. Munthu akaonera zimenezi tsiku ndi tsiku amayamba kuona ngati kudikira pamoto n'kulephera, pamene theka la kuphika ndi kudikira komweko.

Zabwino zilimo ndithu. Taonani mmene anthu aja amasamalira mpeni. Ambiri a ife timalimbana ndi tomato ndi mpeni wobuntha mpaka madzi onse kuthera m'manja, chonsecho mwala wonolera uli pakhomo pomwepo. Taonaninso kuti sayatsa moto asanakonze zonse: anyezi wadulidwa, tomato ali m'mbale yake, mchere uli pafupi. Amalawa chakudya chikadali pamoto, osati kumva kuti mchere wachepa mlendo atayamba kale kudya. Ndipo thabwa limene adulirapo nkhuku yaiwisi sadulirapo kabichi wa saladi asanalitsuke ndi sopo. Chimenechi chokha chikhoza kupulumutsa banja lonse ku matenda otsekula m'mimba. Izi tengani, musachite nazo manyazi.

Pamene TV imakusiyani panjira ndi pa moto. Iwo amati uvuni ukhale pa madigiri 180, mphindi 40. Inu muli ndi mbaula, makala ogula pa msika wa Luchenza amene lero ndi olimba mawa ndi ongothetheka, mwinanso nkhuni za bulugama zosauma bwino nyengo ya chiperoni. Palibe batani lochepetsera moto. Mumachita kuphula makala ena, kapena kusolola chikuni pa mafuwa. Amayi a kuno amaphika chigumu m'poto, moto wochepa pansi, makala ambiri pamwamba pa chivundikiro, ndipo amadziwa kuti chapsa pongomva fungo. Luso limeneli sililowa kudzera m'maso okha. Limafuna kuti mukhale pansi pafupi ndi munthu wolidziwa, utsi ukuloweni m'maso nonse awiri.

Tsopano nsima, poti ndi imene yabweretsa nkhaniyi. Simunandiuze chimene chinalakwika, koma nsima ya munthu wothamanga imalakwika pamalo awiri. Poyamba ndi pa phala. Madzi akhale ofunda, osati owira, pamene mukuthira ufa woyamba, apo ayi mibulu imayambira pomwepo ndipo simudzaithanso. Phalalo lisiyeni libwate mokwanira, lizichita kuthovoka mpaka fungo la ufa wauwisi litheretu. Ambiri amafulumira apa, nsima n'kumaoneka yoyera bwino koma m'kamwa ikumveka ufa, ndipo munthu wamkulu amaizindikira pa mbamu yoyamba. Kachiwiri ndi povundula. Tapaniko phala pang'ono muike pambali, thirani ufa pang'onopang'ono, mthiko uzikanikiza nsima kukhoma la poto, osati kungozungulira pakati. Ikalimba kwambiri bwezerani phala lija, osati madzi ozizira. Mukamaliza vundikirani kanthawi pamoto wochepa, kenako omolani ndi chipande choviika m'madzi. Kumbukiraninso kuti mgaiwa umafuna nthawi yochuluka pamoto kuposa ufa woyera. Dzanja lidzazolowera, koma osati tsiku limodzi.

Apongozi anu ndi a ku Chonde, kumene kumachitikira chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe chaka ndi chaka mwezi wa Okutobala, ndiye ndikukhulupirira kuti kalongonda, mtundu uja wa nyemba, amamudziwa bwino. Palibe chakudya chimene chimaonetsa malire a TV ngati chimenechi. Kalongonda wosapsa ndi woopsa: amachititsa chizungulire, kusanza, mpaka mutu kusokonezeka. Amamuwiritsa, kumusenda makoko, kutaya madzi akuda aja, kuthira ena, kuwiritsanso, kutayanso, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nkhuni zikungotha. Wophikayo amadziwa kuti wafika poona mtundu wa madzi ndi kufewa kwake pakati pa zala. Ndi mpikisano uti wa ola limodzi umene ungamulole? Chigwada nachonso chimodzimodzi. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni wake, n'chifukwa chake timawasinja mu mtondo mpaka atalala, n'kuwawiritsa nthawi yaitali tisanatendere ndi nsinjiro. Agogo athu sankadziwa mayina a mankhwala amene ali m'zomerazi, koma anapeza njira yowachotsera, ndipo njirayo yasunga anthu m'zaka za njala. Ine ndimaona kuti umenewu ndi ukatswiri woposa kukongoletsa mbale ndi timasamba tiwiri.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ana athu ambiri akukula akuganiza kuti kuphika kwenikweni ndi kwa tchizi ndi kirimu, ndipo therere, nandolo ndi makaka ndi zakudya za anthu osauka. Ukapita ku ukwati pa Mulanje boma upeza mpunga, tchipisi, nkhuku ndi saladi wa mayonezi, ukwati wotsatira zomwezo, mafuta ali yandayanda m'mbale. Chonsecho tikukhala m'dera limene chinanazi chimagulitsidwa m'mbali mwa msewu, mapeyala amagwa okha m'mitengo, nandolo ali m'munda uliwonse, ndipo pa Bvumbwe ndiwo zamasamba zimachita kusowa pozipondera. A zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Nsima, nandolo, nkhwani wotendera, timatemba pang'ono ndi chinanazi pamapeto, magulu onsewo akwana popanda kulowa m'supamaketi. Si kuti zathu zonse n'zangwiro ayi. Timawonjeza soda m'masamba ndi kuwaphika mpaka kuda, mavitamini n'kuthera momwemo. Apa ndiye a pa TV akutiposa, amaphula masamba akadali obiriwira. Therere lokha ndi limene ndimalilola soda kapena chidulo, pang'ono pokha.

Ndinenepo pang'ono za amuna anu, poti m'kalata yanu sakuoneka kukhitchini. M'mapulogalamu aja amuna amaphika, ndipo si zachilendo kuno. Chiyambireni minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo, m'nyumba za mabwana a m'maesiteti makhukhi ambiri anali amuna, ena a iwo odziwa buledi ndi supu kuposa tonsefe. Ngati bambowo anabwera kudzakuuzani zimene mayi awo ananena, akhozanso kugwira mthiko tsiku lina inu mutatopa.

Za apongozi, musawayankhe ndi keke yaikulu kuti muwaonetse. Mudzangokulitsa nkhani. Mawu awo aja akupweteka, inde, koma ndikuganiza kuti mkati mwake muli mantha akuti mwana wawo ndi zidzukulu zawo adzaiwala zakudya za kwawo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pitani ku Chonde Loweruka lina, mutenge shuga, mchere ndi sopo, muvale chitenje chanu, mugwade n'kuwauza kuti amayi, ndabwera kuti mundiphunzitse kalongonda ndi chigwada mmene mumaphikira inuyo. Sindinaonepo mayi wachikulire amene amakana pempho lotere. Adzakudzudzulani kagwiridwe ka munsi, adzakulandani mthiko kangapo, inu pirirani. Yang'anani manja awo, funsani chifukwa chimene akutayira madziwo panthawi imeneyo osati poyamba paja. Akalola, ajambuleni pa foni yomwe mumaonerapo TikTok ija, chifukwa zimene akudziwazo sizinalembedwe paliponse m'banja mwanu.

Akadzabweranso ku Luchenza, aphikireni nsima ya ufa woyera, nandolo wamuwisi ngati ili nyengo yake, ndi chigwada chimene anakuphunzitsani okha. Keke yanu ija muitulutse cha m'ma 4 koloko pamodzi ndi tiyi, muwadulire chidutswa chachikulu, china muwamangire cha kunyumba. Mukatero mudzandilembere, ndimve mmene zinayendera, ndipo munene ngati vuto la nsima linali pa phala kapena povundula.