Kufewetsa sasipenshoni ya galimoto yaliwiro: musayambire ku masipiringi

Bambo ena anditumizira imelo yofunsa za galimoto yawo yaliwiro, ya mipando iwiri, imene anagula kwa munthu wina. Akuti mwini wake woyamba anaitsitsa kuti ikhale pafupi ndi nthaka, ndipo ili ndi matayala a 225/40 R18. Amaikonda ikamakhota, koma akayenda nayo ulendo wautali amatsika msana ukuwawa, moti ngakhale mayi a kunyumba ayamba kukana kukwera. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndikagula masipiringi ofewa, vutoli lidzatha?"

Bambo, masipiringi ofewa akhale chinthu chomaliza kuchiganizira, chifukwa pa galimoto yotsitsidwa ngati yanuyo akhoza kukulitsa vuto m'malo molichepetsa. Tayala likaponda chitunda limakwera m'mwamba, sipiringi imapanikizika, ndipo pali mpata wa masentimita ochepa chabe woti tayalalo likwere lisanafike pa kachilabala kolimba kotchedwa bump stop, kamene kamateteza kuti zitsulo zisagundane. Munthu akatsitsa galimoto ndi masentimita 3 kapena 4 amakhala kuti wadya mbali yaikulu ya mpata umenewu, ndipo n'chifukwa chake masipiringi otsitsira galimoto amawapanga olimba mwadala. Mukaika ofewa koma aafupi chimodzimodzi, galimoto izidzangokhalira kugunda pa bump stop, ndipo kugunda kumeneko n'kumene kumafika mpaka mumsana.

Pali njira yapafupi yodziwira ngati zimenezi zikuchitika kale. Imikani galimoto pa jeke, mukweze chivindikiro cha fumbi cha shock absorber, chipangizo chimene chimaletsa sipiringi kudumphadumpha, ndipo mumange kachingwe ka pulasitiki komangira mawaya pa ndodo yake yonyezimira ija, n'kukatsitsira pansi penipeni. Yendani pa msewu umene mumadutsa masiku onse, kenako mukaone pamene kachingweko kafika. Mukakapeza kali pamwamba, katakanikizika ndi bump stop, dziwani kuti galimoto yanu ikusowa mpata, ndipo mankhwala ake ndi kubwezeretsa masipiringi a kufakitale kuti galimoto ibwerere pa msinkhu wake weniweni. Kwa ine, ichi chokha chikhoza kukhala chimene chikukupwetekani kwambiri.

Musanawononge ndalama pa china chilichonse, yezani mpweya wa m'matayala. Mlingo woyenera umalembedwa pa kapepala komatidwa pa felemu la chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimoto, ndipo umayezedwa matayala ali ozizira, musanayende. Anthu ambiri amapopa mopitirira chifukwa chotsatira nambala yolembedwa pa tayala, pamene nambala imeneyo imasonyeza malire a mpweya umene tayalalo lingapirire. Bwererani pa mlingo wa kapepala kaja, koma musatsike pansi pake pofuna kufewetsa, chifukwa tayala lochepa mpweya limatentha kwambiri pa liwiro ndipo likhoza kuphulika.

Nkhani ya matayala sithera pa mpweya ayi. Nambala 225/40 R18 ikutiuza kuti tayala lanu ndi la mamilimita 225 m'lifupi, ndipo khoma lake, kuchokera pa limu kufika pamene limaponda, ndi maperesenti 40 a m'lifupimo, kutanthauza mamilimita 90. Khoma limeneli ndilo limayamba kumeza timiyala, ming'alu ndi mizere ya mumsewu sipiringi isanagwedezeke n'komwe. Mukasinthira ku malimu a mainchesi 17 ndi matayala a 225/45 R17, khomalo limakhala pafupifupi mamilimita 101, pamene kukula kwa gudumu lonse kumasintha ndi mamilimita 3 okha, kuchoka pa 637 kufika pa 634, choncho geji yoonetsa liwiro siikunamizani. Mamilimita 11 owonjezerawo akuoneka ochepa papepala, koma thupi limawamva bwino lomwe. Chofunika kusamala n'chakuti magalimoto aliwiro amakhala ndi mabuleki akuluakulu, ndiye limu laling'ono liyesedwe kaye ngati likudutsa osakhudza. Ngati limu latsopanolo ndi lopepuka kuposa lakale ndiye bwino koposa, popeza gudumu lopepuka limatsatira msewu mosavuta ndipo silikutumula galimoto kwambiri.

Onaninso ngati matayala anu ndi a run-flat, aja amene amatha kuyenda makilomita pafupifupi 80 atabooka. Kuti athe kutero, makoma awo amawalimbitsa kwambiri, ndipo magalimoto ngati BMW Z4 imene inatuluka mu 2002 ankabwera nawo kuchokera kufakitale. Kusinthira ku matayala wamba kumafewetsa mayendedwe moonekeratu, koma magalimoto otere nthawi zambiri sakhala ndi tayala lapadera, choncho muyenera kumayenda ndi pampu ndi mankhwala omatira tayala likabooka.

Tsopano tifike pa ma shock absorber. Sipiringi imanyamula kulemera kwa galimoto, pamene shock imaletsa sipiringiyo kumangodumphadumpha. Shock yotha ntchito siifewetsa galimoto monga ena amaganizira, koma imalola gudumu kuthamangira m'mwamba mopanda choligwira mpaka kukagunda. Mukaona oyilo akutsika m'mbali mwake atasakanikirana ndi fumbi, imeneyo yatha. Pogula, dziwani kuti kampani imodzi imapanga mitundu yosiyana: kwa Bilstein, mwachitsanzo, B4 ndi yofanana ndi ya kufakitale, B6 ndi yolimbirapo, ndipo B8 anaipangira magalimoto otsitsidwa. Inuyo amene mukufuna mtendere, ya mtundu wa kufakitale ndiyo yanu. Ngati mwini wake woyamba anaika ma shock okhala ndi kotembenuzira kowalimbitsira kapena kuwafewetsera, musagule kanthu, ingobwezani kotembenuzirako pang'onopang'ono, mofanana kumanzere ndi kumanja, mukulemba pamene mwasiyira. Mukafewetsa mopitirira mudzamva galimoto ikuyandama ngati bwato pamafunde ikadutsa hampu, ndipo pamenepo mubwerere m'mbuyo pang'ono. Magalimoto ena ali ndi ma shock oyendetsedwa ndi kompyuta, monga PASM ya Porsche kapena MagneRide imene inayamba kuikidwa mu Cadillac mu 2002, ndipo pa amenewa yambani mwaona ngati batani silinasiyidwe pa Sport.

Munthu amene anatsitsa galimoto nthawi zambiri amasinthanso mabushi, timalabala timene timakhala m'malo olumikizira zitsulo zogwira magudumu. Mukasuzumira pansi n'kuona mabushi ofiira, achikasu kapena abuluu, mwina ndi a pulasitiki yolimba yotchedwa polyurethane, amene amadutsitsa kunjenjemera konse kwa msewu. Bwezeretsani a labala, ndipo muwauze amakaniko kuti mabawuti ake awamange komaliza galimoto itaima pa matayala ake, osati ili lende m'mwamba, apo ayi labalayo amakhala wopotoka ndipo amang'ambika msanga.

Pa chitsulo chopingasa chimene chimaletsa galimoto kupendekeka pokhota, anti-roll bar, ndikukupemphani kuti musamale kwambiri. Kusintha pang'ono kunenepa kwake kumasintha zambiri: kuchoka pa mamilimita 22 kufika pa 20 kumachifewetsa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mukafewetsa cha kutsogolo chokha, kumbuyo kwa galimoto kumayamba kuterereka msanga pakona, zimene ndi zoopsa makamaka msewu ukanyowa. Ngati zitsulo zimene zilipo ndi za kufakitale, zisiyeni momwemo.

Mukachita zonsezi koma n'kumafunabe masipiringi ofewa kuposa a kufakitale, musayembekezere zodabwitsa, chifukwa kufewetsa sipiringi ndi maperesenti 20 kumachepetsa kufulumira kwa kudumpha kwa galimoto ndi maperesenti pafupifupi 11 okha. Sikuti galimoto yaliwiro iyenera kukhala youma ayi. Lotus Elan ya mu 1962 inatchuka chifukwa chokhota bwino ili ndi masipiringi ofewa, koma inali yopepuka kwambiri, ndipo anaipanga choncho kuyambira pachiyambi, masipiringi ndi ma shock zili zogwirizana. Yanuyo ili ndi mtunda waufupi pakati pa magudumu akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo inuyo mumakhala pafupi ndi akumbuyo, choncho kugwedezeka kwina kudzakhalapobe.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, muyende nacho masiku angapo musanakhudze china, kuti mudziwe chimene chathandiza. Masipiringi ndi ma shock amasinthidwa awiriawiri, akutsogolo onse kapena akumbuyo onse, ndipo ntchito yomasula sipiringi isiyireni amakaniko amene ali ndi chida choipanikizira, chifukwa sipiringi yopulumuka ikhoza kuvulaza munthu koopsa. Galimoto ikakwezedwa kubwerera pa msinkhu wake, magudumu amasintha mapendekekedwe, ndiye ipititseni ku alayimenti, kumene amawongola magudumu, sabata yomweyo matayala atsopano asanayambe kudyeka mbali imodzi, ndipo muwapemphe akuonereninso kumene magetsi akutsogolo akuloza.